Khasu Linasanduka Mlamba: Mmene Gemu Imasungira Zinthu Zake ndi Kuzipeza

Pali achinyamata atatu kuno ku Zomba amene akupanga gemu ya pafoni. Wosewera amakhala munthu wa geni ya nsomba. Amalawira m'mamawa pa njinga kupita ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kukapikula matemba, makumba ndi milamba kwa asodzi, n'kubwera nazo kumsika waukulu wa m'tauni zisanayambe kununkha. Mpamba ukakula amagula khasu n'kutsegula dimba, kenako ukonde wakewake. Ndimakumana nawo Loweruka masana m'kanyumba kena ku Chinamwali, kuwathandiza pamene code yawakanika.

Lachitatu lina mlongo wa mmodzi wa anyamatawo, amene amayesa gemuyo pafoni yake, anandiimbira. "Achimwene, khasu langa lasanduka mlamba. Ndinaseva dzana ndili ndi khasu limodzi ndi milamba 12. Lero anditumizira gemu yatsopano, ndatsegula, ndapeza mlamba umodzi ndi milu 12 ya matemba ouma amene sindinagulepo."

Gwero lake linali laling'ono kwambiri. Zinthu zonse za mugemu zinali pa mndandanda umodzi: matemba pamwamba, kenako makumba, mlamba, khasu, ukonde. Kompyuta imayamba kuwerenga pa 0, ndiye mlamba unali 2, khasu 3. Poseva, gemu sinkalemba mawu akuti khasu, inkangolemba 3. Mmodzi wa anyamatawo atawonjezera matemba ouma anawaika pansi pa makumba kuti nsomba zikhale malo amodzi, monga akanachitira aliyense wokonda zinthu zolongosoka. Zonse zimene zinali pansi pake zinasuntha ndi malo amodzi. Nambala 3 inagwera pa mlamba, 2 pa matemba ouma.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa vuto limeneli lavutitsa ngakhale magemu a makampani akuluakulu, ndipo limayambira pa zimene munthu amasankha sabata yoyamba, gemu ili ndi zinthu zisanu zokha, akuona ngati palibe chosankha.

Choyamba n'kusiyanitsa mtundu wa chinthu ndi chinthu chenichenicho. Mukafunsa amayi a pamsika kuti mlamba n'chiyani, akuuzani zimene zili zoona pa milamba yonse: ilibe mamba, ili ndi ndevu, yaiwisi sichedwa kuwonongeka, yowamba imakhalitsa. Mukaloza umene uli pa benchi pawo, ayankha zina: uwu wabwera lero, uwo ndi wa dzulo, yatsala itatu. Gemu nayo iyenera kusunga mayankho awiriwa padera. Za mtundu zimalembedwa kamodzi kokha mu kaundula wa zinthu: chithunzi, kulemera, mtengo woyambira, kuchuluka kwa zimene zingalowe mu mulu umodzi, masiku amene chimakhala chisanawole. Za chenichenicho zimakhala m'chikwama cha wosewera ndipo n'zochepa: chizindikiro cholozera ku kaundula, kuchuluka kwake, tsiku limene chinagulidwa, mmene chathera.

Masamu ake ndi osavuta. Kachithunzi ka mapikiselo 64 m'litali ndi 64 m'lifupi, pikiselo iliyonse ikudya ma byte 4 (byte ndi kamuyezo ka malo mu memory), kamatenga ma byte 16,384. Milu 1,000 ya matemba yomwazikana mumsika wa mugemu, uliwonse utanyamula kachithunzi kake, ndi ma megabyte oposa 16 a chithunzi chimodzimodzicho. Mulu uliwonse ukangonyamula nambala yolozera ndi kuchuluka kwake, ma byte 4,000 akwana pa milu yonseyo. Pa mafoni amene ambirife tili nawo, a RAM yochepa, kusiyana kumeneku kumamveka m'manja. Olemba mapulogalamu amaitcha njirayi flyweight, dzina limene linafala ndi buku la Design Patterns la mu 1994. Koma kwa ine phindu lake lalikulu si memory. Ndi loti choona chimakhala malo amodzi. Mukaganiza kuti mlamba uziwola pa masiku atatu m'malo mwa awiri, mumasintha mzere umodzi, milamba yonse n'kumvera.

Funso limene ndimawauza anyamatawo kuti azidzifunsa pa kanthu kalikonse ndi ili: ichi chikasintha, chisinthe kwa onse kapena kwa mmodzi? Kulimba kwa khasu latsopano ndi kwa makasu onse, kupite mu kaundula. Kuti khasu ili lalima mizere 40 ndipo layamba kubuntha, ndi za khasu ili lokha. Apa pali msampha umene umagwira pafupifupi aliyense woyamba. Mu Godot, pulogalamu yaulere yopangira magemu imene Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina anaitsegulira anthu onse mu 2014, tsamba la kaundula limakhala Resource, ndipo mukatsegula fayilo imodzi kuchokera malo khumi, onse khumiwo amalandira chinthu chimodzi, osati makope. Mukalemba kuti polima kulimba kuchepe, n'kuchepetsa nambala ya pa Resource, makasu onse a mugemu abunthira limodzi, ngakhale atsopano amene ali m'sitolo. Mu Unity, pulogalamu ina yopangira magemu, ScriptableObject imachitanso chimodzimodzi, ndipo zimene mwasintha poyesa gemu mu editor zimatsalira ngakhale mutasiya kusewera. Lamulo langa ndi lakuti gemu ikayamba kuyenda, kaundula ndi wongowerenga basi. Palibe code yololedwa kulembamo.

Nanga kaundulayo azikhala kuti? Anyamatawo anayamba ndi kumulemba m'kati mwa code, ndipo pa zinthu zisanu palibe cholakwika. Vuto limabwera pamene mitengo yayamba kusintha. Amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tikudziwa ntchito imene eni magolosale anali nayo yofufuta mitengo pa katundu aliyense. Wokonza gemu amachita zimenezi sabata iliyonse: matemba akupindulitsa mopitirira, ukonde watchipa, njinga ikugulidwa msanga. Ngati kusintha mtengo kukufuna wodziwa code, mnzake wojambula kapena wolemba nkhani ya mugemu sangathandize, ndipo zambiri zofunika kuyesa sizimayesedwa.

N'chifukwa chake magemu ambiri amatulutsa kaundula mu code n'kumuika mu mafayilo a data. Diablo II, imene Blizzard North inatulutsa mu 2000, imasunga zida ndi zovala zake m'mafayilo a mizere ndi madanga monga weapons.txt ndi armor.txt, otheka kutsegulidwa ngati spreadsheet, chinthu chilichonse chili ndi kachizindikiro ka zilembo zochepa. Unreal Engine, pulogalamu inanso yopangira magemu, ili ndi DataTable imene imalandira mafayilo a mawu a mtundu wa CSV kapena JSON. Factorio, ya kampani ya Wube ya ku Prague, imalemba zinthu zake m'chinenero cha Lua. Kwa gulu laling'ono ngati lathuli ine ndimakonda fayilo ya mawu wamba, chifukwa Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha mu mafayilo, imatha kuonetsa mzere weniweni umene wasintha ndi amene wausintha. Tsamba la mlamba tsopano limaoneka chonchi:

{ "id": "chilwa:mlamba", "dzina": "dzina.mlamba", "mtengo": 1500, "mulu": 20, "masiku": 2, "magulu": ["nsomba", "chakudya"] }

Pagona nkhani ndi pa danga loyambalo, la id, chizindikiro chimene gemu imadziwira chinthucho. Zina zonse za pa mzerewu mutha kuzisintha mawa popanda wodandaula. Id ndiye ayi, chifukwa ikangolowa mu save ya munthu mmodzi yatuluka m'manja mwanu. Ili pafoni ya munthu ku Songani, ili pa memory card imene idzatsegulidwe pakatha zaka ziwiri, ndipo simungaitsatire kuti mukaikonze.

Malo a chinthu pa mndandanda si id, khasu la mlongo uja latiphunzitsa kale. Nambala yoikidwa ndi dzanja, yosasuntha ngakhale mndandanda usinthe, ndi yabwinoko, ndipo magemu ambiri akhala nayo zaka zambiri. Koma ili ndi malire ake, ndipo mbiri ya Minecraft imawaonetsa bwino. Markus Persson atayamba gemuyo mu 2009, block iliyonse, kachidutswa komangira dziko la mugemu, inali ndi nambala yokwana mu byte imodzi, kuyambira 0 mpaka 255. Mwala unali 1, udzu 2, dothi 3. Malo atayamba kuchepa, Mojang, kampani yopanga Minecraft, inkapanikiza mitundu ingapo pa nambala imodzi pogwiritsa ntchito kanambala kachiwiri ka 0 mpaka 15. Ubweya unali 35, ndipo kanambala kachiwiriko ndi kamene kankanena mtundu wake, 0 woyera, 14 wofiira, 15 wakuda. Anthu opanga ma mod, zowonjezera zimene osewera amalemba okha, ankalimbirana manambala otsala. Mod wina akatenga nambala imene mnzake watenga kale, gemu inkakana kuyamba, kapena dziko limene munthu wamanga miyezi yambiri linkatseguka zinthu zitasinthana. Mu July 2018, pa mtundu wa gemu wa 1.13, Mojang inathetsa manambala akalewo pa kusintha kumene kumatchedwa The Flattening. Chinthu chilichonse chinatsala ndi dzina lakelake lokhala ndi la mwini wake kutsogolo, monga minecraft:stone ndi minecraft:red_wool. Wopanga mod amaika dzina la mod wake kutsogoloko, ndiye anthu awiri angathe kukhala ndi mkuwa aliyense popanda kuwombana. Kusamukako kunali ntchito yaikulu, ndipo opanga ma mod ambiri anatsalira pa 1.12 nthawi yaitali. Ife tinaika chilwa: kutsogolo kuyambira pano, pamene sizikutidyera kanthu.

Kampani ya Bethesda inadzera njira ina. Mu gemu yake ya Skyrim ya mu 2011 chinthu chilichonse chili ndi nambala yotchedwa FormID, ndipo golide ndi 0000000F. Zilembo ziwiri zoyambirira zimanena fayilo imene chinthucho chachokera, molingana ndi malo ake pa mzere wa mafayilo otsegulidwa. Zimathetsa kuwombana, koma zilembo ziwiri za hexadecimal, mawerengedwe a zizindikiro 16, zimangokwana manambala 256, ndiye chiwerengero cha ma mod chinakhala ndi denga lake. Nambala iliyonse imene mwaipatsa malo ochepa lero, tsiku lina idzafika pa denga. Osewera RuneScape amadziwa kuti mulu wa ndalama sungapitirire 2,147,483,647. Anyamata athu anali ataika ndalama za wosewera mu ma bit 16, amene amathera pa 65,535, ndalama imene masiku ano siigula ngakhale njinga ya kabaza. Tinakonza tsiku lomwelo.

Chinthu china chimene ndimaumirira: dzina limene wosewera amaona pa sikirini lisakhale id. Mayina amasintha. Fort Johnston ndi Mangochi tsopano, Port Herald ndi Nsanje, malo ake ndi omwewo. Zimene wina amati mbatatesi, wina amati kachewere. Gemuyi ikufuna kudzatuluka m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi, ndipo munthu amene waseva m'chinenero china ayenera kupeza katundu wake akasintha chinenero. N'chifukwa chake danga la dzina pa mzere uja silinena kuti Mlamba, likungoloza ku fayilo ina ya mawu omasuliridwa. Id ili ngati nambala ya pa chiphaso cha unzika: munthu akwatiwe, asinthe dzina, asamukire ku Mzuzu, nambala ndi yomweyo. Ndipo ngakhale chinthu chitachotsedwa mugemu, id yake isapatsidwe kwa china. Mukachotsa mono n'kupereka id yake kwa bwato, aliyense amene anaseva ali ndi miono isanu adzadzuka ali ndi mabwato asanu.

Tsopano za kupeza. Gemu ili ndi chilwa:mlamba m'manja, ikufuna mtengo wake. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kuyamba pamwamba pa kaundula n'kumatsika, kufanizira mzere uliwonse mpaka kupeza. Pa zinthu 50 palibe amene angazindikire. Koma njirayi imalemera mwakachetechete, ndipo chitsanzo chake chotchuka ndi GTA Online. Kwa zaka zambiri osewera pa kompyuta ankadikira mphindi zingapo kuti gemu itseguke. Mu February 2021 wolemba mapulogalamu wina wodzitcha t0st anafufuza n'kupeza kuti gemuyo inkawerenga fayilo ya JSON ya ma megabyte 10, kaundula wa zinthu zogulitsa pafupifupi 63,000. Mavuto anali awiri. Powerenga nambala iliyonse, code inkayezanso utali wa mawu onse otsala mufayilomo. Ndipo chinthu chilichonse chisanalowe pa mndandanda, inkachifanizira ndi zonse zimene zalowa kale kuti ione ngati chabwerezedwa. Pa zinthu 63,000 kumeneko ndi kufanizira pafupifupi ka 2 biliyoni. Iye atakonza ziwirizi, nthawi yodikira pa kompyuta yake inatsika ndi pafupifupi 70 peresenti. Rockstar, kampani yopanga gemuyo, inavomereza, inatulutsa kukonza kwake mu March chaka chomwecho, n'kumupatsa madola 10,000. Ndikukhulupirira kuti code ija inkathamanga bwinobwino pamene kaundula anali wamng'ono. Anakula ndi kaundula, code inatsala mmene inalili.

Mankhwala ake ndi hash table, imene mu Godot, mu C# ndi mu Python imapezeka kale ngati dictionary. Amene tinaphunzira sukulu zogonera konko tikukumbukira timabokosi ta makalata toikidwa ndi chilembo choyamba cha dzina la bambo. Sunkafufuza mulu wonse, unkapita pa kabokosi ka chilembo chako. Hash table imachita zomwezo, koma imakonza chofooka cha timabokosi tija, choti ka B kankadzaza ndi a Banda, ka P ndi a Phiri, ka Q kali mbee. M'malo mwa chilembo choyamba, imatenga zilembo zonse za id n'kuzisakaniza ndi masamu mpaka patuluke nambala imodzi, ndipo nambalayo ndi imene imasankha kabokosi. Mayina amamwazikana mofanana, kabokosi kalikonse kamakhala ndi limodzi kapena awiri, ndipo kupeza chinthu pakati pa 50 kapena pakati pa 63,000 kumatenga nthawi yofanana pafupifupi.

Pali njira yoposa pamenepa, ndipo ndi imene imabweza manambala aja pakhomo lakumbuyo. Gemu ikamatseguka imawerenga kaundula yense, n'kupatsa chinthu chilichonse nambala yongogwirira ntchito lero: 0, 1, 2, mpaka kumapeto. M'kati mwa masewero, pamene chikwama chikujambulidwa ka 60 pa sekondi, code imagwiritsa ntchito manambalawa pa array, mndandanda wa malo otsatizana, kumene kupeza chinthu ndi kungodumphira pa malo ake. Koma manambalawa saloledwa kutuluka panja okha. Pofika poseva, gemu imalemba mayina. Ngati mayina akutalikitsa fayilo, imalemba kamndandanda pamwamba kakuti mu save ino 0 ndi chilwa:khasu, 1 ndi chilwa:mlamba, kenako pansi n'kugwiritsa ntchito timanambalato. Minecraft imachita chimodzimodzi: kachigawo kalikonse ka dziko ka 16 m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, ma block 4,096, kali ndi kamndandanda kake kotchedwa palette. Save yotere imanyamula tanthauzo la manambala ake, ndiye kaundula asinthe motani, khasu limabwerera khasu.

Ena amakonda kudumpha zonsezi potenga nambala yotuluka mu hash ija kukhala id yokhazikika. Ndi chikomekome cha nkhuyu. M'kalasi ya ana 23 okha, mwayi woti awiri amakondwerera tsiku lobadwa limodzi umapitirira theka, ndipo masamu omwewo amagwira ntchito pano. Ndi hash ya ma bit 32, pa zinthu 10,000 mwayi woti mayina awiri atulutse nambala imodzi ndi woposa pang'ono 1 peresenti, ndipo pa zinthu 77,000 umafika theka. Njirayi ndi yotheka, bola pakhale code yofufuza kuwombana nthawi yomanga gemu, ikane kupitirira ikapeza.

Kufufuza kotereku ndikofunika pa kaundula yense. Tinalemba kapulogalamu ka mizere yosakwana 100 kamene kamayenda gemu isanamangidwe. Kamaona ngati id yabwerezedwa, ngati chithunzi chotchulidwa chilipodi, ngati mtengo wagwa pansi pa 0, ngati njira yowambira nsomba ikutchula nkhuni zimene mu kaundula mulibe. Sabata yoyamba kanagwira chilwa:mlmba, chilembo chimodzi chitasowa. Cholakwika chotere chikadutsa, chimakatulukira pafoni ya munthu amene sangadziwe chochita nacho.

Ngakhale mutasamala chotani, tsiku lidzafika loti save itchule chinthu chimene kaundula sakuchidziwa. Zimene gemu imachita pa mphindi imeneyo ziyenera kuganiziridwa pasadakhale. Magemu oyamba a Pokémon, a Game Freak a mu 1996, anali ndi zilombo 151 koma mndandanda wam'kati unali ndi malo 190, ndipo 39 mwa iwo anali opanda mwini. Osewera anapeza njira yokakamiza gemu kutenga nambala ya malo opanda mwiniwo, n'kutuluka chinthu chophwanyikaphwanyika chotchedwa MissingNo. Gemu poyesa kulemba kuti chilombochi chaonedwa, inkalemba kunja kwa malo oyenera, pa byte yosunga kuchuluka kwa chinthu chachisanu ndi chimodzi m'chikwama, ndipo chinthucho chinkawonjezeka ndi 128. Ana ankasangalala nazo, koma chimene chinkachitika ndi code kuwerenga tsamba limene kulibe n'kupitiriza ngati zonse zili bwino.

Ife tinagwirizana kuti gemu isagwe, komanso isataye mwakachetechete katundu amene sakudziwika. Imaika m'chikwama kabokosi ka chizindikiro cha funso, n'kusunga id yoyambayo ndi zonse zake mmene zinalili. Chinthucho chikadzabwerera mu kaundula, kabokosiko kamasanduka chimene chinali. Munthu amene wapalasa njinga ya mugemu maulendo 30 kuti agule ukonde, nthawi imeneyo ndi yake yeniyeni, anaichotsa pa tulo kapena pa bandulo yake, ndipo sitiyenera kuifufuta chifukwa ife tasintha maganizo.

Id ikafunika kusintha ndithu, pamakhala tebulo la mayina akale: chilwa:nsomba_youma tsopano ndi chilwa:matemba_ouma. Tebuloli limangokula, silichotsedwa mzere. Factorio ili ndi mafayilo a migration ochita ntchito yomweyi. Mojang inalemba laibulale yathunthu, DataFixerUpper, imene inaitsegulira anthu mu 2018, yokweza save kuchoka pa mtundu wina kufika pa wotsatira, sitepe ndi sitepe mpaka wa lero. Zonsezi zimadalira kanthu kamodzi kotchipa: nambala pamwamba pa save yonena mtundu wa gemu imene inailemba.

Mbali imene tinakhalitsapo kukambirana ndi ya magulu a zinthu. Mnyamata amene anaphunzira za ma class, njira yogawira zinthu m'mitundu mu code, m'kalasi ankafuna mtengo wa mibadwo: Chinthu chibereke Chakudya ndi Chida, Chakudya chibereke Nsomba. Zimaoneka bwino pa bolodi mpaka mutafika pa chikwanje, chimene ndi chida cha kumunda, chodulira nkhuni komanso chotetezera katundu panjira. Nanga mchere, umene ndi chakudya, katundu wogulitsa komanso chosungira nsomba? Chinthu chimodzi sichingakhale ndi makolo atatu popanda mkangano. Chimene chimayenda bwino ndi kumata zigawo. Chikwanje chili ndi chigawo cha kudula ndi cha kubuntha. Mlamba uli ndi cha kudyedwa ndi cha kuwola. Code yoyang'ana zowola siifunsa kuti kodi iwe ndiwe nsomba, imangofunsa ngati uli ndi chigawo cha kuwola, ndiye tsiku limene adzawonjezere masitiroberi a kuphiri la Zomba sipadzafunika code yatsopano. Danga la magulu pa mzere uja limathandiza chimodzimodzi. Njira yowambira imati nsomba iliyonse, osati kutchula mitundu umodziumodzi, ndipo pa kutseguka gemu imakonzeratu mndandanda wa gulu lililonse kuti isamafufuze kaundula yense nthawi iliyonse wosewera akayandikira moto. Minecraft nayo inafika pa zigawo mu April 2024, pa 1.20.5: mtundu uli ndi zigawo zake zoyambira, ndipo chinthu chenichenicho chimangosunga pamene chasiyana ndi mtundu wake.

Mfundo yosunga kusiyana kokha imayankhanso funso la milu. Kodi zinthu ziwiri zingaphatikizidwe liti mu mulu umodzi? Yankho lolunjika ndi lakuti id ikafanana ndipo zosiyana zake zonse zikafanana. Makasu awiri atsopano alowa pamodzi, lobuntha likhala palokha. Koma matemba ogula lero ndi ogula dzulo bwanji? Mukawasiyanitsa, chikwama chidzaza ndi timilu tating'onoting'ono. Mukawaphatikiza n'kutenga tsiku la atsopano, wosewera wochenjera aziwonjezera katemba kamodzi tsiku lililonse, mulu wonse osawola mpaka kalekale. Mukatenga tsiku la akale, mwamulanga wosalakwa. Anyamatawo anasankha kuwerengera pakati molingana ndi kuchuluka kwa mbali iliyonse. Ine ndikanawasiyanitsa, chifukwa wa geni weniweni amadziwa kuti za dzulo zimayamba kugulitsidwa, ndipo nzeru imeneyo ndi imene ikanakometsa gemu. Koma gemu ndi yawo, ndipo kaundula wolongosoka amalola njira zonse ziwiri.

Akadzafuna kuti anthu azigulitsana pa intaneti, mtengo ndi kuchuluka zizidzachokera pa seva, foni izidzangotumiza id ndi chimene ikupempha, ndipo mbali ziwirizi zizidzayamba zatsimikizirana kuti kaundula wawo ndi mmodzi. Pamenepo sitinafikepo.

Khasu lija tinalibweza. Mndandanda wakale unali mu Git, ndiye tinalemba tebulo lakuti mu save yakale 2 ndi chilwa:mlamba, 3 ndi chilwa:khasu. Chimene chinativuta n'chakuti ma save akalewo analibe nambala ya mtundu. Save yolembedwa matemba ouma asanalowe ndi yolembedwa atalowa zimaoneka chimodzimodzi, 3 ndi 3 basi, ndipo palibe code imene ingadziwe ngati mwini wake anali ndi khasu kapena mlamba. Oyesa gemuyo analipo 9. Tinawaimbira mmodzimmodzi kuwafunsa tsiku limene anaseva komaliza. Asanu ndi awiri anakumbukira. Mmodzi anapeza tsikulo pa fayilo yomwe, mu foda ya pafoni yake. Wotsalayo, mnyamata wa ku Matawale, anali atatsegula save yakale mu gemu yatsopano, n'kugulitsa milu ya matemba ouma imene anaipeza, n'kusevanso pamwamba pake. Yakeyo sitinathe kuikonza, ndipo anayambiranso ndi njinga ndi mpamba wa tsiku loyamba.